Mawu a Gitala Ali M'thabwa Lakumaso

Pa zinthu zonse zimene anthu amagula ndi maso pamene anayenera kuzigula ndi makutu, sindidziwa china choposa gitala yopanda magetsi, ija oimba ambiri amaitcha ya bokosi. Pakuti mnyamata amene wasunga ndalama za ganyu kwa miyezi yambiri, kapena gulu la kwaya limene lasonkha zopereka kufikira zitakwana, akalowa m'sitolo amathamangira yonyezimira, yopakidwa utoto wofiira psu kapena wakuda bii, nabwerera nayo kwawo mokondwera, koma lisanathe sabata apeza kuti mawu ake safika ngakhale pa mzere wachitatu wa mipando ya m'tchalitchi. Makolo anatichenjeza kale za chikomekome cha mkuyu, ndipo ine ndifuna kuti chenjezo lomwelo limveke kwa wogula gitala, chifukwa ndalama ya munthu wosauka, yopezedwa ndi thukuta, siyenera kuthera pa vanishi.

Choyamba chimene wogula ayenera kudziwa nchakuti nsambo payokha ilibe mawu. Ndi yopyapyala kwambiri, kotero kuti ikanjenjemera imangodula mpweya osaukankha. Koma kunjenjemera kwakeko kumatsika kudzera pa kamtengo kogwira nsambo kumunsi, nikulowa m'thabwa lakumaso, lija lili ndi bowo pakati, ndipo thabwa limenelo, pokhala lotambalala ndi lopepuka, ndilo limakankha mpweya kufikira mawu atafika m'khutu la womvera. Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, amene magitala a nsambo zofewa a masiku ano amatsata kapangidwe kake, anafuna kutsimikizira anzake za ichi, ndipo m'chaka cha 1862 anapanga gitala imene msana ndi nthiti zake zinali za mapepala omata, koma thabwa lakumaso lokha linali la mtengo wabwino; gitalayo inalira bwino, ndipo isungidwa kufikira lero m'nyumba yosungiramo zoimbira ku Barcelona. Umboni woposa umenewu ine sindiufuna.

Tsono thabwa lakumaso lili la mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lilipo la mtengo weniweni, kawirikawiri wa spruce wochokera ku nkhalango zozizira za ku Alaska ndi kumadzulo kwa Canada, kapena wa cedar, lopalidwa kufikira litatsala pafupifupi mamilimita 3, ndi lochirikizidwa kunsi kwake ndi timitengo topingasana. Ndipo lilipo la pulayiwudi, ndiko kuti timatabwa titatu topyapyala tomatidwa ndi guluu, ulusi wa kena utapingasa ulusi wa kanzake. Pulayiwudi ndi yolimba, sing'aluka msanga, ndipo mtengo wake ngotsika. Koma kupingasana komweko kumene kumailimbitsa ndiko kumaimanga kuti isanjenjemere momasuka, motero mawu ake amatuluka ofupika ndi ouma, natha msanga chala chikangochoka pa nsambo. Thabwa la mtengo weniweni limayankha ngakhale mwakhudza pang'ono, limakwera mukalimbitsa dzanja, ndipo oimba a zaka zambiri amachitira umboni kuti mawu ake amakoma koposa pamene likukalamba.

Kuzindikira mitundu iwiriyi sikufuna sukulu. Tengani gitalayo, muime nayo powala, muyang'anitsitse m'mphepete mwa bowo, pamene makulidwe a thabwa aonekera. Ngati timizere ta ulusi wa mtengo, tija tiyenda kuchokera kukhosi kunka kumunsi, tipinda pa mphepetepo nititsika kufikira kunsi kwa thabwa osaduka, dziwani kuti ndi mtengo weniweni. Koma ngati muona timagawo tosanjikizana, kena koyera kena koderako, kapena mphepete yabisidwa ndi utoto wakuda, mtima wanu ukayike. Opanga okhulupirika amalemba mawu akuti solid top pa chikalata cha gitala. Pamene alemba dzina la mtengo lokha popanda mawu amenewo, nthawi zambiri ndi pulayiwudi yovekedwa khungu la spruce pamwamba.

Za msana ndi nthiti sindichulukitsa mawu, ngakhale ogulitsa amakonda kutamanda zimenezi. Rosewood wa ku Brazil, amene anali ulemerero wa magitala akale, malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa ndi pangano la CITES m'chaka cha 1992, ndipo lero mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito mitengo ina, pakati pake khaya, ndiye mtundu wa mbawa wathu yemwe tim'dziwa m'mbali mwa mitsinje. Munthu wa ndalama zochepa asachite manyazi ndi gitala ya msana wa pulayiwudi, malinga kumaso kuli mtengo weniweni. Indedi m'dziko lotentha msana wotere upirira koposa.

Kukula kwa thupi la gitala ndiko kotsatira. Kampani ya C. F. Martin, ya ku Nazareth m'chigawo cha Pennsylvania, inapanga gitala ya thupi lalikulu ndi chiuno chotakata m'chaka cha 1916, kupangira ogulitsa a Ditson, ndipo kuyambira 1931 inayamba kuigulitsa m'dzina lake. Anaitcha dreadnought, potengera chombo chachikulu chankhondo cha Angerezi cha m'chaka cha 1906. Cholinga chinali mphamvu, pakuti m'masiku amenewo woimba gitala anali kumira pakati pa mabanjo ndi zoimbira zina, popanda chokuzira mawu chom'thandiza. Ndipo kufikira lero, amene atsogolera nyimbo m'kachisi wopanda magetsi, kapena pabwalo pamene mphepo imwaza mawu, sadzapeza bwenzi loposa gitala ya thupi limeneli, chifukwa mawu ake akunsi ndi olemera ndipo salefuka dzanja likamenya mwamphamvu. Koma ndikana ndithu chiphunzitso chakuti yaikulu ndiyo yabwino kwa aliyense. Amene aimba ndi zala, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zakunsi pamene chamkombaphala chikuyankha pamwamba, monga anaimbira Jean Bosco Mwenda wa ku Congo, amene Hugh Tracey anajambula nyimbo zake m'chaka cha 1952, kapena Daniel Kachamba wa ku Chileka, afunika gitala imene nsambo iliyonse imveka payokha, ndipo thupi lapakati, la chiuno cholowa, limachita zimenezi bwino koposa lalikulu, limene mawu ake akunsi amaphimba enawo. Pamene Davide anaimbira Sauli zeze, chimene chinatonthoza mtima wa mfumu sichinali phokoso. Ndipo gitala imene imiza mawu a woimba mwini yalephera ntchito yake, ingakhale imveke kutsidya kwa dambo.

Ndidziwa kuti ena adzanditsutsa, nadzati akuluakulu athu sanasankhe mitengo. Zoonadi, amuna obwera ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi magitala otchipa, monga a Gallotone opangidwa ku South Africa, mtundu womwewo umene woimba John Lennon anayambira nawo ku Liverpool. Ndipo Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, anagwedeza mitima ya fuko lonse ndi zoimbira zosauka, monganso anyamata ambiri a m'midzi amasema okha mabanjo ndi zigubu ndi mawaya. Ndiwalemekeza ndi mtima wonse, ndipo ndivomereza kuti gawo lalikulu la mawu lili m'zala za woimba. Koma iwo anaimba chimene anali nacho chifukwa panalibe china; ndipo sindikhulupirira kuti tiwalemekeza pouza mwana wa lero, amene wafika pokhala ndi ndalama m'manja ndi magitala angapo patsogolo pake, kuti atole iliyonse. Ngati luso linatulutsa zokoma zotere m'bokosi losayankha, koposa kotani nanga m'thabwa lomvera chala.

Pofika m'sitolo, kapena kwa munthu wogulitsa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito, musapite nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso mawu a gitala amapita kutsogolo, kotero kuti woinyamula pachifuwa samva chimene omvera adzamva. Mnzanu aimbe, inu muime patali, kenaka musinthane. Lizani nsambo imodzi muileke, mumve ngati mawu akhalitsa kapena afa pomwepo. Lizani yomweyo mutadina pa kachitsulo ka nambala 12 pakhosi, pamene mawu ayenera kukhala omwewo koma okwera, ndipo ngati asemphana, gitalayo sidzachunika ngakhale mupotoze zikhomo tsiku lonse. Pa kachitsulo komweko yang'anani mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi chitsulo: pa gitala ya nsambo zachitsulo pafupifupi mamilimita 2.5 ndiwo muyeso wabwino, ndipo ukaposa kwambiri zala zidzatupa, mwana nadzaleka kuphunzira akuyesa kuti alibe mphatso, pamene cholakwa chili pa khosi lopindika. Yesaninso kulowetsa kapepala kunsi kwa kamtengo kogwira nsambo. Kakalowa, ndiye kuti guluu wayamba kuleka. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wogulitsa amene akufulumizitsani pa zinthu izi ali ndi chimene akubisa.

Pali cholakwa chimodzi chimene chawononga magitala ambiri abwino, ndicho kumanga nsambo zachitsulo pa gitala yopangidwira nsambo za nayiloni, pofuna kuti ilire kwambiri. Nsambo zachitsulo zisanu ndi imodzi zimakoka ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 70, pamene za nayiloni zimakoka pafupifupi 40. Thabwa losachirikizidwira katundu wotere limatukumuka, khosi limawerama, ndipo tsiku lina kamtengo kakumunsi kamazuka. Wofuna mphamvu agule gitala yopangidwira chitsulo, ndipo asinthe nsambo zikachita dzimbiri, chifukwa nsambo zakale zimabisa ubwino wa thabwa lililonse.

Walira mvula walira matope: amene wasankha mtengo weniweni walandiranso udindo wousamala, pakuti thabwa lotere limamwa chinyezi ndi kuchitaya monga mwa nyengo. Opanga amalangiza chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo kuno kwathu mwezi wa Okutobala umauma kuposa pamenepo, pamene Januwale amanyowa kupitirira. Gitala yopachikidwa pakhoma pansi pa denga la malata m'chilimwe, kapena yosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa, idzang'aluka kumaso motsata ulusi wa mtengo. Isungidwe m'chikwama chake, m'chipinda chozizira, kutali ndi moto wa kukhitchini ndi khoma lonyowa. Ndipo m'miyezi youma kwambiri muikemo kasiponji konyowa pang'ono, kali m'kabokosi ka sopo koboola, kosakhudza thabwa.