Auchula Mpikisano wa Dziko Lonse, Koma Africa Aonera pa Zenera

Acinyamata anzanga, pa 25 Febuluwale 2023 ndinali mmodzi wa anthu amene anadzaza ku Green Point mu mzinda wa Cape Town kukaonerera mpikisano wa Formula E. Awa ndi magalimoto amagetsi a mpando umodzi, afupiafupi ndi nthaka, amene mawilo ake ali poyera popanda cowaphimba. Ndalama ya tikiti ndinaisunga kwa miyezi ingapo, ndipo sindidandaula ngakhale ngwee imodzi. Cimene cindipweteka ndi cakuti anzanga ambiri a kuno kwathu adzakalamba osaona zimene ndinaona tsiku lija, ndipo colakwa si cao ai.

Ena amati, "Nanga pa TV sitiona comweco?" Ine ndikuti si comweco. Pa TV kamera imayenda pamodzi ndi galimoto, motero liwiro limaoneka ngati lacizolowezi. Ukaima pafupi ndi waya wa m'mbali mwa mseu, umayamba wamva kulira kwa mluzu kucokera kutali, kenaka cinthu cidutsa pamaso pako, ndipo pamene utembenuza khosi capita kale. Umamva fungo la matayala otentha. Umaona mmene oyendetsa amacedwera kuponda mabuleki pofika pa kona, mtima wako n'kukuuza kuti uyu sakhota, koma iye n'kukhota ndithu. Cakumapeto kwa mpikisano, António Félix da Costa wa Porsche anapyola Jean-Éric Vergne pamalo opanikiza pamene munthu wamantha sakanayesa. Khamu lonse linaimirira nthawi imodzi, ndipo bambo wina amene sindinamudziwe anandigwira paphewa n'kumandigwedeza ngati mwana wake. Kodi TV ingakugwire paphewa?

Tsono tamverani. Uwu unali Formula E, mng'ono wake cabe wa Formula One. Formula One ndiye mkulu wa mipikisano yonse ya magalimoto otere. Magalimoto ake amathamanga kupitirira makilomita 300 pa ola. Mpikisano umodzi umakhala wa makilomita pafupifupi 305, ngati kucoka ku Lusaka kukayandikira ku Ndola, ndipo amautsiriza m'nthawi yokwana ola limodzi ndi theka. Galimoto ikaima kuti isinthe matayala, amakanika pafupifupi 20 amaizinga n'kusintha onse anai m'masekondi awiri kapena atatu. Eni ake amauchula kuti ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi. Apa m'pamene pali mkangano wanga.

Mu 2024 ndi mu 2025 munali mipikisano 24 caka ciriconse. Dziko la United States lokha linali ndi itatu: ku Miami, ku Austin ndi ku Las Vegas. Italy inali ndi iwiri, ku Imola ndi ku Monza. Maiko a Aarabu anali ndi inai: Bahrain, Saudi Arabia, Qatar ndi Abu Dhabi. Ku Australia unaliko, ku Brazil unaliko, ku Japan unaliko. Africa, kumene kuli anthu oposa biliyoni imodzi, sanapatsidwe ngakhale umodzi. Nanga dziko lonse limeneli ndi liti, ngati ife sitilimo?

Wina asakunamizeni kuti Africa sadziwa masewera amenewa. Mu 1958 mpikisano wotsiriza wa caka unacitikira ku Ain-Diab mu Casablanca, ku Morocco. Anapambana ndi Stirling Moss, ndipo Mike Hawthorn anatenga ukatswiri wa caka komweko. Ku South Africa unacitikira ku East London mu 1962, 1963 ndi 1965, kenaka ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, kuyambira mu 1967. Caka cimeneco John Love wa ku Bulawayo, ndi galimoto yake yakale ya Cooper, anatsogola mpaka cakumapeto. Anakakamizika kuima cifukwa ca vuto la mafuta, Pedro Rodríguez n'kumulanda cipambano, iye n'kukhala waciwiri. Jody Scheckter, wobadwira ku East London, anapambana ku Kyalami mu 1975 ndipo mu 1979 anakhala katswiri wa dziko lonse ndi Ferrari. Ngakhale kuno kwathu, amene anaimapo m'fumbi kuonerera Zambia International Rally, m'masiku amene Satwant Singh anali kutenga ukatswiri wa Africa mobwerezabwereza, adziwa kuti liwiro si mlendo kwa ife.

Koma cimene cindiwawa koposa ndi ici. Formula One inapitabe ku Kyalami m'zaka za tsankho la apartheid, pamene masewera ena anali atasiya kale kupita ku South Africa. Mu 1985 magulu a ku France a Renault ndi Ligier anakana kupitako, ndipo caka cimeneco citatha mpikisano unaimitsidwa. Unabwerera mu 1992, Nigel Mansell n'kupambana, ndi mu 1993, pamene Alain Prost anapambana ndipo Ayrton Senna anali waciwiri. Mu 1994 Nelson Mandela anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko, ndipo kucokera pamenepo Formula One sinapondenso pa nthaka ya Africa. Ndidziwa kuti cimene cinauthetsa ndi mavuto a ndalama. Komabe zotsatira zake n'zoonekeratu: pamene mwana wa ku Soweto anamasuka kukhala pa mpando uliwonse umene afuna, phwando linali litasamuka.

Tsopano ndiyankhe anzanga amene anganditsutse, pakuti mau ao ali ndi nzeru. Iwo amati dziko lofuna mpikisano limalipira mamiliyoni ambiri a madola caka ciriconse, kuwonjezera pa kukonza bwalo, ndipo ndalama zimenezo zikanagula mankhwala ndi madesiki. N'zoona, ndipo akulu anati walira mvula walira matope. Sindikupempha kuti boma liriconse litseke cipatala pofuna kusangalatsa Ferrari. Mau anga akulunjika kwa eni ake a masewerawa, kampani ya Liberty Media imene inagula Formula One mu 2017. Mtengo umene dziko la mafuta lingalipire mosavuta suyenera kukhala muyeso wa aliyense. Monaco yakhala pa ndandanda zaka zambirimbiri cifukwa ca mbiri yake. Ngati mbiri ili ndi mtengo ku Monaco, ilinso ndi mtengo ku Kyalami.

Ena amati awa ndi masewera a anthu olemera, ife atikhudza bwanji? Taonani Lewis Hamilton, katswiri wa dziko lonse kasanu ndi kawiri, amene sanabadwire m'banja lolemera. Atate ake anagwira nchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana ayambe ndi timagalimoto ting'onoting'ono ta kart. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti Africa ayenera kukhala ndi mpikisano. Komanso kumbukirani kuti woyendetsa ndi mmodzi, koma kumbuyo kwake kuli mazana a mainjiniya, amakanika ndi akatswiri a makompyuta. Mtsikana amene aphunzira zamakanika ku Kabwe kapena mnyamata wa uinjiniya ku UNZA akaona ndi maso ake matayala anai akusinthidwa m'kuphethira kwa diso, sadzayang'ananso sipanala monga kale. Cimene munthu waona pafupi ndico amakhulupirira kuti nayenso angacite.

Ciyembekezo ciripo, ngakhale n'cocepa. Mu Disembala 2024, ku Kigali, Paul Kagame analengeza kuti Rwanda ifuna kucititsa mpikisano wa Formula One, ndipo South Africa nayo yakhala ikuyesetsa kuubwezera kwao. Koma malonjezo tawamva ambiri, ndipo ngakhale Formula E imene ndinaona ine sinabwerere ku Cape Town mu 2024.

Cotero, anzanga, tisakhutire ndi kuonera pa zenera la nyumba ya eni. Pakakhala mpikisano wa rally kapena wa kart pafupi ndi kwanu, sonkhanani monga gulu mupite, muimirire kumene oyang'anira akuuzani, ndipo mutenge ang'ono anu. Eni masewera amawerenga mitu ya anthu, ndipo bwalo lopanda oonerera siliitana mlendo. Ine ndayamba kale kusunga ya basi ya ku Johannesburg. Tsiku limene magetsi ofiira asanu adzazima pa mzere woyambira ku Kyalami kapena ku Rwanda, ndifuna tidzakhale tilipo, ndi fungo la matayala m'mphuno mwathu.