Laputopu siitentha chifukwa cha dzina lake

Pali mkangano umene sutha pakati pa ife achinyamata a muno mu Chipata. Wina akangofunsa pa gulu la WhatsApp kuti "ndigule laputopu yanji?", basi nkhondo yayamba. Uyu akuti HP imatentha ngati mbaula. Uyo akuti Dell ndiye chitsulo chenicheni. Wina akulumbira pa Lenovo, pamene wa MacBook wangokhala phee, kumwetulira ngati mwana wa mfumu. Ine ndikuti tonse tikulimbana ndi nkhani yolakwika, ndipo ndikunena izi ndili ndi chipsera.

Yanga ndinagula ya ex-UK, nditasunga ndalama pafupifupi chaka chathunthu. Dzina lake sindikuuzani, chifukwa ndikangolitchula mudzati "tinanena ife". Inagwira bwino ntchito zaka ziwiri. Kenaka fani inayamba kulira ngati chigayo, pansi pake potentha moti sungaiike pamiyendo. Ndinkangoti ndidzaionetsa mwezi wamawa. Usiku wina mu Okutobala, kutatsala masiku anayi kuti ndipereke projekiti yomaliza, inazima yokha ndili pakati polemba. Itayakanso, fayilo inakana kutseguka. Machaputala awiri anapita, ndipo ndinalibe kwina kumene ndinawasunga. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire m'tauni. Atamasula chivundikiro cha pansi, anasolola fumbi loumbika ngati thonje lakuda, lotalika ngati chala. Anandiyang'ana nati, "Mphwanga, makinawa akhala akupuma ndi mphuno zotsekeka. Ukanakhala iwe, ukanafika lero?" Ndinafunsa, "Ndiye amdala, si mtundu wake woipa?" Anangoseka, nandilozera shelefu yodzaza ndi malaputopu odwala. Mayina onse amene timakanganirana aja analipo, atagona pamodzi.

Zimene zimachitika m'kati n'zosavuta kumva. Processor ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha. Pamwamba pake amapakapo phala lotuwa lotchedwa thermal paste, limene limapereka kutenthako ku kapaipi ka kopa. Kapaipiko kamakutengera ku tizitsulo topyapyala tondondozana m'mbali mwa makina, ndipo fani imauzira mphepo pamenepo kuti kutuluke. Fumbi likatseka tizitsuloto, kapena phala lija likauma ndi zaka, kutentha kumatsekeredwa m'kati. Ma processor ambiri akayandikira madigiri 100 amadzichepetsa liwiro okha, ndiye chifukwa chake makina amayamba kukwawa. Zikapitirira, amazima kuti asapse. Choncho laputopu ikazima yokha siikukuchitirani nkhanza. Ikudzipulumutsa.

Kwa amene amakhulupirira kuti pali kampani yosalakwa, mbiri ikutsutsa. Mu 2006, Dell inaitanitsa mabatire oposa 4 miliyoni chifukwa ena ankagwira moto, ndipo Apple inaitanitsa 1.8 miliyoni. Onsewo anapangidwa ndi Sony. Mu 2008, tchipisi ta zithunzi ta Nvidia tinayamba kufa chifukwa chotentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, ndipo vutolo linagwa pa malaputopu a HP, Dell ndi Apple nthawi imodzi. Mu 2018, HP inaitanitsa mabatire otentha mopitirira, Lenovo nayonso inaitanitsa ThinkPad X1 Carbon zina chifukwa cha kasikuluwu kotsala m'kati kamene kakanatha kuboola batire. Mu 2019, Apple inachitanso chimodzimodzi ndi MacBook Pro za mainchesi 15 zogulitsidwa pakati pa 2015 ndi 2017. Taonani bwino: dzina la pachivundikiro n'losiyana, koma zam'kati nthawi zambiri zimachokera kumafakitale amodzimodzi.

Manje tiyeni tibwere kwathu. Opanga ambiri amalemba kuti laputopu igwire ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ganizani za chipinda cha malata chopanda siling'i ku Mchini, ku Navutika kapena ku Kapata, masana a mu Okutobala. Mphepo imene fani ikukoka kuti iziziritse makina ndi yotentha kale. Onjezani fumbi la kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, limene limalowa ngakhale mutatseka mawindo. Onjezaninso chizolowezi chathu choonera filimu laputopu ili pa bulangeti, timabowo tonse ta pansi titatsekeka. Makina amene anakhala zaka zinayi mu ofesi yozizira ku Birmingham tikuwapempha kuti apirire zonsezi popanda kuwatsegula ngakhale kamodzi.

Nkhani ya malaiti nayo ili ndi mbali yake. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo panafika nthawi imene m'madera ambiri malaiti ankabwera maola ochepa chabe pa tsiku. Tinazolowera kutsitsa batire mpaka kuzima, kenaka malaiti akangobwera kutchaja uku tikugwiritsa ntchito mwamphamvu, foni zitatu zili pa USB. Batire ya lithium imadana ndi zinthu ziwiri: kutentha ndi kutheratu kawirikawiri. Ikatopa imatha kufufuma, n'kuyamba kukankha touchpad kapena kiyibodi m'mwamba. Mukaona zimenezo musadikire, batire yotupa imachotsedwa msanga. Ndipo tchaja chotchipa chosalembedwa bwino, kapena jenereta yosinthasintha mphamvu, zimatha kupha bodi yonse tsiku limodzi, kaya makinawo ndi a dzina lanji.

Wina anganene kuti, ndiye kuti malaputopu onse ndi ofanana? Iyayi. Kusiyana kulipo, koma kuli m'kati mwa kampani iliyonse. Lenovo ili ndi ThinkPad ndi IdeaPad. Dell inapanga Latitude ndi Inspiron. HP inapanga EliteBook ndi Pavilion. Zoyambazo anapangira makampani amene amafuna makina opirira ndi osavuta kukonza, zinazo anapangira wogula wa m'sitolo amene amakopeka ndi mtengo ndi maonekedwe. Komanso laputopu yopyapyala kwambiri yokhala ndi processor yamphamvu ili ndi malo ochepa opitira mphepo. Yonyezimira ija ingakhale chikomekome cha mkuyu. Funso labwino kuposa la dzina ndi ili: kodi mmisiri wa muno angaitsegule mosavuta, ndipo fani, batire ndi tchaja chake zikupezeka kuno kapena ku Lusaka, osachita kuitanitsa kunja n'kudikira mwezi?

Choncho pogula musachite manyazi. Uzani wogulitsa kuti mukufuna kuiyesa mphindi makumi awiri. Tsegulani mavidiyo angapo nthawi imodzi, ikani dzanja potulukira mphepo, mverani fani. Mphepo yofunda yotuluka mwamphamvu ndi chizindikiro chabwino. Fani yolira koma mphepo osatuluka ndiye kuti m'kati mwatsekeka. Pulogalamu yaulere ngati HWMonitor imakuonetsani madigiri enieni. Chotsani tchaja muone ngati batire ikugwira. Funsaninso m'badwo wa processor, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Mukagula, isamaleni. Igwiritseni ntchito pa tebulo kapena pa thabwa, ndipo kwezani kumbuyo kwake pang'ono ndi zitsekerero za botolo kuti mphepo idutse pansi. Ntchito zolemera monga kukonza mavidiyo zichiteni m'mamawa kapena usiku. Gulani adaputala yoteteza ku malaiti obwera mwamphamvu. Kamodzi pa chaka, makamaka chilimwe chisanafike pachimake, pitani nayo kwa mmisiri achotse fumbi, aonenso ngati phala lija likufunika latsopano. Ndipo chonde, ntchito ya kusukulu kapena ya makasitomala muziisunga kawiri. Google Drive imapereka 15GB kwaulere. Ine ndinali nayo pafoni nthawi yonseyi, osaigwiritsa ntchito.

Ife a ku Chipata sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu wakunja. Tauni ino ndi ya njinga, ndipo njinga za Eagle zinkapangidwa konkuno. Pitani pa siteji iliyonse ya anyamata onyamula anthu panjinga m'mamawa. Mudzawapeza akupukuta, akuthira oyilo pa tcheni, akumanga masipoko. Palibe amene amati njinga yanga ndi ya dzina lalikulu, siifuna oyilo. Amadziwa kuti ndiyo imawadyetsa. Kwa ambiri a ife laputopu ndi njinga yathu: ndiyo imalemba ma assignment, imapanga mapositala a makasitomala, imatumiza makalata ofunsira ntchito.

Yanga ija ilipobe. Mdala uja anaiyeretsa, napaka phala latsopano, ndipo fani inasiya kulira. Machaputala awiri aja ndinawalembanso masiku atatu osagona, ndipo sanakhale bwino ngati oyamba. Nkhaniyi ndailembera pa makina omwewo, ali pa tebulo, kumbuyo kwake kuli zitsekerero ziwiri za botolo.