Ayuda a ku Migodi ya Mkuwa: Anadza Bwanji, Anachokeranji?

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2025 boma la Israel linatsegulanso ofesi ya kazembe wake mu mzinda wa Lusaka, patapita zaka 52 chitsekereni. Zambia inadula ubale ndi Israel m'chaka cha 1973, pa nthawi ya nkhondo ya Aluya ndi Ayuda, pamene Malawi anakana kutero. Koma kazembeyo anafika m'dziko limene Ayuda ake atsala makumi ochepa chabe, chonsecho kale kunali masunagoge ku Livingstone, Lusaka, Ndola, Kitwe, Mufulira ndi Luanshya. Mbiri ya anthu amenewa si yachilendo kwa Amalawi, popeza amuna ambiri a ku Nyasaland, ena a iwo ochokera ku Kasungu, anadzera ku Fort Jameson nakagwira ntchito ya ukalaliki ndi ukapitao m'matauni omwewo.

Ayuda oyamba sanadzere mkuwa ayi, koma ng'ombe. Elie ndi Harry Susman, pachibale pawo, ochokera ku Lithuania, anafika ku Barotseland m'chaka cha 1901 nayamba kugula ng'ombe kwa Alozi ndi kukazigulitsa kummwera kwa Zambezi. Ku Livingstone ndi kumene mwala wa maziko a sunagoge unaikidwa m'chaka cha 1928. Nyengo yomweyo migodi ikuluikulu ya Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inali kuyamba, ndipo pamene panali thengo panamera matauni a anthu zikwizikwi ofuna nyama, zovala, mabedi ndi njinga. Ayuda ambiri analondola njanji nakatsegula masitolo, mabutchala ndi mahotela. M'zaka za 1938 ndi 1939 kunabweranso ena mazana awiri kapena atatu othawa nkhanza za Hitler ku Germany. Maganizo oti othawa ambiri akapatsidwe malo olima ku Mwinilunga anakanika, ndipo Azungu ambiri a m'dzikomo sanawafune. Chiwerengero chawo chinafika pachimake cha m'ma 1950, pamene analipo 1,000 kapena kupitirira pang'ono.

Malo awo m'dziko la atsamunda anali ovuta kuwafotokoza. Malamulo a tsankho anawaika m'gulu la Azungu, kotero ana awo anaphunzira m'sukulu zimene mwana wa munthu wakuda sakanapondamo. Komabe Angerezi ambiri ankawayang'ana ndi diso lonyoza, monga anthu a sitolo olankhula Chingerezi chopotoka. Munthu woima pakati chotere amayenera kusankha mbali, ndipo amuna awiri anasankha mosiyana kotheratu.

Woyamba ndi Roy Welensky, wobadwira ku Salisbury m'chaka cha 1907, bambo wake Myuda wa ku Lithuania, mayi wake Mbunu. Anali woyendetsa sitima ya pamtunda ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, ndiponso katswiri wa nkhonya. Anakwera kudzera m'bungwe la Azungu apantchito ya njanji mpaka anakhala nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 kufikira 1963. Asilikali a boma lakelo anatumizidwa ku Nyasaland pa chipwirikiti cha mu Malichi 1959, pamene Dr. Kamuzu Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo.

Wachiwiri ndi Simon Zukas, amene anafika kuchokera ku Lithuania m'chaka cha 1938 ali mnyamata wa zaka 13, nakulira ku migodi. Ataphunzira za uinjiniya ku Cape Town, anagwirizana ndi achinyamata akuda a ku Ndola polimbana ndi Chitaganya chisanayambe n'komwe. Atsamunda anamtsekera, ndipo m'chaka cha 1952 anampirikitsira ku Britain. Anabwerera dziko litalandira ufulu, nadzakhala nduna m'boma la Frederick Chiluba. M'chaka cha 1996 anatula pansi udindo pokana kusintha kwa malamulo kumene kunaletsa Kenneth Kaunda kupikisana nawo pa chisankho kaamba koti makolo ake anachokera ku Nyasaland. Munthu amene anapirikitsidwapo monga mlendo sanafune kuona mnzake akutchedwa mlendo m'dziko lobadwira. Mwa awiriwa, amene mbiri yamkomera ndi Zukas, ndipo n'koyenera.

Nanga gulu lonse linatha bwanji? Palibe amene anawathamangitsa ndi mikondo kapena kutentha masunagoge awo. Ena anachoka ufulu utayandikira, poopa zam'tsogolo. Kenaka m'mwezi wa Epulo 1968 Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani angapo, ndi kuti malonda ambiri a m'masitolo akhale a nzika zokha. Chaka chotsatira boma linatenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi. Chimene chinatsiriza zonse ndi kugwa kwa mtengo wa mkuwa cha mu 1975: wa mumgodi akasowa ndalama, wa sitolo naye amagona ndi njala. Ana amene anapita kukaphunzira ku South Africa, Britain ndi Israel sanaone chobwerera. Akulu anati mlendo ndi mame, koma mame awa anakhala zaka makumi asanu ndi awiri asanakamuke. Mmodzi wa ana otere, Stanley Fischer wobadwira ku Mazabuka m'chaka cha 1943, anadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel.

Wa ku Kasungu sasowa womasulira nkhani imeneyi. M'zaka zomwezo za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anali kufalikira m'zigwa za Bua ndi Dwangwa, boma la Malawi linalamula Amwenye kuti achoke m'maboma ang'onoang'ono ndi kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Cholinga chinali chomveka, chakuti eni nthaka agwire malonda. Koma chilolezo si mpamba, ndipo masitolo ambiri a m'midzi anakhala otseka kwa zaka, mlimi nayenda mtunda wautali kufuna mchere ndi palafini. Lamulo lofanana nalo linabweranso m'chaka cha 2012, ulendo uno lokhudza makamaka amalonda a ku China. Chimene maboma onsewa sanachithetse ndi kudalira chinthu chimodzi: msika wa fodya wa Chinkhoma ukayenda moipa, tauni ya Kasungu imazizira monga momwe Luanshya inazizirira mkuwa utagwa, ndipo oyamba kumanga katundu ndi amene ali ndi kwina kopita.

Ku Zambia ena mwa masunagoge aja asanduka matchalitchi. Bungwe la Council for Zambia Jewry linagulitsa nyumba zake zimene zinalibenso opempheramo, ndipo gawo la ndalamazo linathandiza kumanga sukulu ya madokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Simon Zukas sanachokenso: anamwalirira ku Lusaka pa 27 Sepitembala 2021, ali ndi zaka 96.