Musasalaze kamtumbira musanafunse

Amayi anzanga, minda ikuchepa, ndipo ambiri tayamba kuswa mphanje kutchire ndi m'mbali mwa madambo. Kumeneko mumapeza timitumbira tosadziwika amene anatiunda. Ena amangotisalaza ndi khasu. Ena amathamangira zaufiti, n'kuyamba kuloza chala agogo osalakwa. Konseku n'kupupuluma.

Yambani mwayang'anitsitsa. Dothi lofewa longotutumuka kumene ndi ntchito ya mfuko. Mukaona timauna ta chiswe, kapena ngumbi zikutuluka mvula yoyamba, chimenecho n'chulu. Zibuma zakuda zolemera ngati chitsulo zimasonyeza ng'anjo ya makolo, monga zomwe zimapezeka ku Nyika. Koma mukaona mapale, mikanda kapena mafupa, ikani khasu pansi. Pakhoza kukhala pabwinja kapena pamanda, ndipo wogona pamenepo ndi m'bale wa wina.

Ngakhale ophunzira sathamanga. Ku Namaqualand, m'dziko la South Africa, kuli timitumbira tambirimbiri tomwe akatswiri akhala akutsutsana za chiyambi chake. Mu 2024, a ku yunivesite ya Stellenbosch analengeza kuti tina ndi zulu za zaka 34,000, ndipo chiswe chikukhalamobe. Nanga ife tingagamule bwanji m'mawa umodzi?

Safunsa anadya phula. Funsani akuluakulu omwe anakulira pamalopo, dziwitsani amfumu, ndipo ana asakumbepo. Nkhaniyi muikambenso kumphakati sabata ino. Mukataya mzere umodzi wa chimanga simugona ndi njala, koma manda ofukulidwa ndi mbiri ya gogo wonamiziridwa sizibwerera.