Shuga ni wathu, nanga cifukwa ciani tikugula wa pamela?

Amai, atate, acinyamata, tiyeni tikambe nkhani ya shuga. Dziko lathu limapanga shuga wambiri kuposa amene timadya, wina timagulitsa ku Congo ndi maiko ena. Nzimbe zimakula bwino ku Mazabuka ndi madzi a mu Kafue. Koma mukapita pa kantemba mu komboni mupeza anthu akugula shuga wa pamela, wokwanira zigolo ya tsiku limodzi cabe. Paketi yathunthu yawakanga.

Vuto lina lili mu malamulo. Mu 1998 boma linalamula kuti shuga yense wa pa nyumba azikhala ndi vitamini A. Colinga cinali cabwino, kuteteza maso ndi thanzi la ana. Koma lamuloli linakhalanso mpanda. Shuga wa kunja wopanda vitamini A sangagulitsidwe mu masitolo athu, ndipo wamalonda wofuna kuitanitsa shuga afunika kuyenda ku maunduna a zaulimi, zaumoyo ndi zamalonda kupempha mapepala. Munthu wa kapito yocepa angakwanitse zimenezo? Amangosiya.

Mkati mwa mpandawo muli kampani imodzi yaikulu, Zambia Sugar ya ku Nakambala, imene imapanga pafupifupi shuga yense wa m'dziko muno. Eni ake aakulu ni a Illovo, amene ali pansi pa Associated British Foods ya ku Britain. Sitikudana nayo kampaniyi, imalemba anthu ambiri nchito. Koma wogulitsa akakhala yekha pa msika, mtengo amauikira yekha. Mu 2017 bungwe la CCPC linaipatsa faindi yoposa K76 miliyoni pa nkhani ya mitengo, kampani inakana n'kucita apilu. Ndiye kuti dandaulo lanu si la pa tarveni cabe, linafika ndi mu maofesi.

Onani zimene anacita ku Europe. Kumeneko shuga wambiri amapanga kucokera ku beet, comera ca muzu waukulu woyera. Kuyambira mu 1968 anali ndi lamulo loika malire pa shuga amene dziko lililonse lingapange. Mu 2017 anacotsa malirewo. Alimi analima beet wambiri, mtengo unatsika, ndipo shuga wathu unasiya kupeza phindu lakale pa msika wa kumeneko. Kunena zoona, mafakitale ena a beet anatsekedwa, conco kumasula malamulo kumafuna nzeru. Koma anzathuwo analimba mtima kuunikanso lamulo la zaka 49. Ife lathu tikuopa ciani?

Lamuloli silinabwere ndi UPND, timadziwa. Koma ndiwo ali pa mpando manje, ndipo ndiwo analonjeza kutsitsa mitengo ndi kucepetsa malaisensi.

Ife a cipani cino tikuti vitamini A akhale. Koma amene waitanitsa shuga aloledwe kuthira vitaminiyo konkuno, a ZCSA aziyeza ngati wathira zoona. Cilolezo cizituluka pa ofesi imodzi, ndi masiku odziwika oyembekezera. Alimi a nzimbe ang'onoang'ono, monga a ku Kaleya ndi Magobbo, akafuna kukhala ndi cigayo cao ca nzimbe, mapepala a madzi ku WARMA ndi a cilengedwe ku ZEMA asawadyere zaka ndi ndalama. Ndipo tisaiwale kuti vitamini A amapezekanso mu cimanga ca olenji, mu kandolo wofiira mkati, ndi mu timakapuso timene ana amalandira pa Child Health Week. Mwana wa pa banja limene silikwanitsa kugula shuga, vitamini wa mu shugayo amamufikira bwanji?

A MP wanu akabwera ku msonkhano kapena ku maliro, afunseni mwaulemu: lamulo la shuga la 1998 mudzaliunika liti ku Nyumba ya Malamulo? Akayamba kuzungulira, afunseninso.