Zimene sukulu za ku Chifunde zingatengere kwa Ayuda

Chaka chilichonse pa usiku wa Paskha, banja la Chiyuda likakhala pa chakudya, mwana wamng'ono m'nyumbamo ndiye amatsegula nkhani. Amafunsa mafunso anayi: chifukwa chake usikuwo akudya buledi wopanda chofufumitsa, chifukwa chake pali ndiwo zowawa, ndi zina zotero. Akatero m'pamene akuluakulu amafotokoza za kutuluka kwa makolo awo mu Iguputo. Mwambowu anaukonza dala kuti mwana adabwe, afunse, kenako aphunzitsidwe.

Ku Chifunde, boma la m'chigawo cha Tete lomwe lachita malire ndi Zambia pa Cassacatiza, kulibe sunagoge. Ayuda a m'Mozambique ndi ochepa zedi, ndipo sunagoge wawo wa mu 1926 ali kutali ku Maputo. Anthu a ku Mualadzi ndi ku Nsadzu, madera a m'bomali, amawadziwira m'Baibulo basi. Komatu kaphunzitsidwe kawo kakuyankha vuto lomwe mphunzitsi aliyense wa kumeneko amalidziwa: kalasi ya ana ongoti duu, obwereza zimene zalembedwa pa bolodi, osakweza dzanja ngakhale pamene sanamve.

Ayuda anayamba kalekale kuona sukulu ngati udindo wa mudzi wonse. Buku lawo la Talmud limasimba kuti poyamba mwana ankaphunzitsidwa ndi bambo ake, choncho wamasiye ankakula osaphunzira. Yehoshua ben Gamla, mkulu wa ansembe cha m'ma 64 AD, analamula kuti m'mudzi uliwonse mukhale aphunzitsi, ndipo ana aziyamba ali ndi zaka 6 kapena 7. Bukuli linaikanso malire: mphunzitsi mmodzi, ana 25. Akafika 40 pakhale womuthandiza, akafika 50 aphunzitsi akhale awiri. Aroma atagwetsa Kachisi mu 70 AD, Yohanan ben Zakkai anakakhazikitsa malo ophunzirira ku Yavne, ndipo kuyambira apo mtunduwo unapulumukira m'maphunziro.

Chokoma kwambiri ndi mmene amaphunzirira. M'sukulu zawo zachipembedzo ophunzira amakhala awiriawiri, njira yomwe amaitcha chavruta. Mmodzi amawerenga mokweza ndi kunena mmene wamvera, mnzake n'kumutsutsa, woyambayo n'kudziteteza ndi umboni wa m'buku lomwelo. Chipindacho chimadzaza phokoso, ndipo mphunzitsi sadandaula nalo chifukwa ndicho chizindikiro choti ntchito ikugwirika. Talmud yeniyeniyo inalembedwa ngati mtsutso. Maganizo a ophunzira a aphunzitsi awiri, Hillel ndi Shammai, anasungidwa onse, ngakhale a mbali imene inagonja, kuti obwera m'mbuyo aone mmene mfundo inafikiridwa. Njirayi siifuna magetsi kapena kompyuta. Ana awiri okhala pansi pa mtengo ndi buku limodzi angathe kuichita mawa lomwe, ndipo pamene mabuku ali ochepa imathandiza kwambiri.

Achewa sangati zimenezi ndi zachilendo, pakuti makolo anati safunsa anadya phula. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwana akafunsa kawiri katatu, akulu ena amafulumira kumutcha wamwano. Mwana wokalipidwa kunyumba chifukwa chofunsa sangatsegule pakamwa pamaso pa aphunzitsi.

Pali chopinga china chachikulu kuposa manyazi. Mwana wa ku Chifunde amakula akulankhula Chichewa, koma sukulu yake kwa zaka zambiri yakhala ikumulandira m'Chipwitikizi. Angafunse bwanji m'chilankhulo chomwe sanachigwire? Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya anali ndi vuto lofanana: malemba anali m'Chiheberi, koma kunyumba ankalankhula Chiyidishi. M'sukulu zawo za ana, zotchedwa cheder, mphunzitsi ankawerenga mawu a Chiheberi n'kuwamasulira pomwepo m'chilankhulo cha kunyumba, ndipo kukambirana konse kunkachitika m'Chiyidishi. Chiheberi sichinafe chifukwa cha zimenezi. Ana ankachidziwa bwino podzera m'chilankhulo cha amayi awo.

Mozambique inayesapo kale njira yotere, ndipo Tete anali patsogolo. Pakati pa 1993 ndi 1997, ntchito ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Ofufuza anapeza kuti anawo ankalankhula momasuka m'kalasi. Kuchokera mu 2003 boma linayamba kulowetsa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'sukulu zina za kumidzi. Makolo ena amaopa kuti mwana wophunzira m'Chichewa adzatsalira pa Chipwitikizi, chomwe ndi chilankhulo cha mayeso ndi ntchito. Mantha amenewa ndi omveka, koma mwana amene wayamba kuwerenga ndi kutsutsa m'chilankhulo chake amalowa m'chachiwiri ali kale ndi luso.

Sikuti zonse za Ayuda zinali zabwino. M'ma cheder ambiri munali chikwapu ndi kuloweza, ndipo atsikana anasiyidwa kunja kwa zaka mazanamazana. Amene anasintha zinthu ndi mayi wosoka zovala, Sarah Schenirer, yemwe mu 1917 anasonkhanitsa atsikana mumzinda wa Kraków ku Poland n'kuyamba kuwaphunzitsa. Sukulu zake za Bais Yaakov zilipobe mpaka lero m'maiko ambiri. Sanadikire boma. Izi zikhale m'makutu mwa amayi a ku Chifunde, kumene lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18 silingagwire ntchito ngati mudzi ukungoyang'ana mtsikana akusiya sukulu.

Kuchepetsa chiwerengero cha ana m'kalasi kumafuna ndalama za boma, ndipo makomiti a sukulu ayenera kulimbikira kuzipempha. Zinazo zili m'manja mwa anthu a ku Chifunde eni ake. Aphunzitsi akhazike ana awiriawiri ndi kuwalola kutsutsana m'Chichewa asanalembe m'Chipwitikizi. Mafumu aonetsetse kuti ntchito ya fodya sikuchotsa ana m'kalasi. Ndipo inu makolo, mwana akabwera madzulo, mufunseni zimene wafunsa aphunzitsi tsikulo, ndipo akakufunsani inuyo muyankheni.