Mlonda Wosafunsa: Malangizo a Zida Zoyesera Citetezo ca Makompyuta

LIVINGSTONE: Mlendo akatsika pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndalama zake sizithera ku hotela kokha. Zimafika kwa woyendetsa takisi, kwa wosema ziboliboli wa kwa Mukuni, ndi kwa mlimi wogulitsa nkhuku ndi ndiwo m'mahotelamo. Koma mlendoyo asanakwere ndege, dzina lake, tikiti yake ndi katundu wake zimayamba zadzera mu kompyuta, kotero kuti kompyuta ikaima ulendo naonso waima.

Anthu a ku Ulaya anaziona zimenezi mu September 2025, pamene mbala za pa intaneti zinatseka makina olembera apaulendo a kampani ya Collins Aerospace. Pa mabwalo a Heathrow, Brussels ndi Berlin anchito anabwerera ku pepala ndi colembera, ndipo maulendo ambiri analephereka. Dziko la Zambia nalonso linalawako mu May 2022, pamene gulu lochedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia.

Pofuna kupewa tsoka lotere, mabungwe amalemba akatswiri kuti ayese kuthyola mpanda wao mololedwa, monga mwini khola auza mnzake kuti abwere usiku adzapeze pomwe fisi angalowere. Nchito imeneyi tsopano yayamba kupatsidwa kwa makina anzeru ochedwa AI, amene amasankha okha cida coti agwiritse. Mu June 2025 makina a kampani ya XBOW anaposa anthu onse a ku America pa mndandanda wa HackerOne wa opeza ziboo m'makompyuta.

Mfundo yagona apa. Makinawa sacidziwa cida monga mmisiri adziwira tsemero lake mwa kuligwira zaka zambiri. Pa cida ciliconse amapatsidwa mau ocepa ofotokoza nchito yake, ndipo mau amenewo ndiwo amawatsogolera. Alimi a thonje akudziwa bwino kufunika kwa pepala lomatidwa pa botolo la mankhwala: likapanda kunena muyeso, munda umapserera, likapanda kucenjeza, wopopera amadwala. Komatu mlimi akakaika amapita kwa mlangizi. Makina nthawi zambiri amangolingalira okha ndi kupitirira, mwaliwiro loposa la munthu, ndipo akulu ananena kale za safunsa amene anadya phula.

Tsono malangizo abwino adziwika bwanji? Ayenera kunena poyera ngati cidaco cingoyang'ana kapena cisintha ndi kuononga zinthu. Cida cochedwa Nmap, cimene Gordon Lyon anatulutsa mu 1997, cimagogoda pa zitseko za kompyuta kuti cione zosatseka. Koma kugogoda kolimba kungathe kuimitsa makina akale. Malangizo osachula zimenezi ndi msampha, pakuti pa bwalo la ndege mlonda woyesa citseko akhoza kuimitsa yekha nchito imene anaitanidwira kuiteteza. Ayeneranso kuika malire, kuti makina asalumphire m'makompyuta a kampani ina imene siinapereke cilolezo, ndiponso kufotokoza tanthauzo la yankho. Cida cikangoti cete, kodi ndiye kuti mpanda uli bwino, kapena cidaco calephera? Makina osauzidwa angalembe lipoti lakuti zonse ziri bwino pamene sanayese kanthu, ndipo bodza lotonthoza mtima limeneli ndi loopsa kuposa kusayesa konse.

Kuwerenga kokha sikukwanira. Njira yoona ndiyo kuwapatsa makinawo nchito pa makompyuta ophunzirira, momwe ziboo zake zadziwika kale, ndi kuwerenga kuti asankha kangati cida colakwika, apyola kangati malire. Pomwe makina asokera kawirikawiri, m'pomwe mau afunika kulembedwanso.

Palinso coopsa cina. Mu April 2025 akatswiri a Invariant Labs a ku Switzerland anaonetsa kuti mbala ikhoza kubisa lamulo m'kati mwa malangizo enieniwo. Anapanga cida cooneka ngati cophatikiza manambala awiri cabe, koma mau ake obisika anauza makina kuti atenge makiyi acinsinsi a mwini kompyuta ndi kuwatumiza kwina, ndipo makinawo anamvera. Mwini wake ankaona mau ocepa okha pamene makina ankawerenga onse. Motero malangizo ayenera kuwerengedwa athunthu ndi munthu, ndi kuwerengedwanso nthawi iliyonse wopanga cidaco akawasintha.

Mu April 2025 momwemo Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo la Cyber Security Act, limene lifuna kuti ogulitsa nchito za citetezo ca makompyuta akhale ndi laisensi. Laisensi imapatsidwa kwa munthu kapena kampani, ndipo mlandu ukabuka woyankha ndi iyeyo, osati makina. Cotero bungwe la Zambia Airports Corporation, limene liyendetsa bwalo la Livingstone, pamodzi ndi mabanki ndi mahotela, lingacite bwino kufunsa aliyense wobwera ndi makina otere kuti aonetse malangizo a zida zake zonse, zotsatira za mayeso ake, ndi dzina la munthu amene adzakhala pafupi kuwaimitsa ndege ziri pa mzere.